Wodzidalira M'shedi Yanga

Lolemba, 16 Seputembala

Tsiku lachisanu ndi chinayi. A Bester akadali ku shedi.

Ndilembe momveka, mwina ndikaziona papepala ndikhulupirira. Amuna anga, bambo wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, amene ku Dedza ankaphunzitsa Chingerezi ku sekondale, asiya ntchito ku weyahausi, kosungira katundu. Atenga mabulangete awiri, ketulo ndi buku limodzi, apita kukakhala m'shedi ya ku dimba. Dimba langa. Lija ndinadikira zaka zinayi pamndandanda kuno ku Wakefield kuti andipatse. Shediyo ndinaimika ndine, yosungiramo khasu ndi mbewu.

Sitinayambane. Bola tikanayambana, ndikanadziwa chouza anthu.

Bukulo analisiya patebulo ndi Khumbo, mwana wathu, atabwera ku holide kuchokera ku yunivesite ku Sheffield. Nzeru za azungu a ku America amakedzana. Transcendentalism. Dzina lalitali ngati sitima ya malasha. Mmene anandifotokozera a Bester: Mulungu ali m'kati mwa munthu aliyense, alinso m'mitengo, m'madzi, m'udzu. Sipafunika m'busa, sipafunika tchalitchi, sipafunika wina wokuimira pakati. Khala wekha, imva mawu a mumtima mwako, udzidalire.

Udzidalire. Ndangomaliza kuyanika makabudula awo amkati.

Lachinayi, 19 Seputembala

Nditaweruka ku chipatala ndinawapititsira chakudya. Pa basi, kenako wapansi kukwera kaphiri ka ku dimba. Mpunga, nyemba, mwendo wa nkhuku. Ndinatenganso batire ya foni, poti nayonso ndimawatchajira ndine.

Ndinawapeza atakhala pa ndowa yovundikira, akuonerera kangaude. Ndevu zayamba kumera. Anadya zonse, ananyambita supuni, kenako anati: "Amake Khumbo, munthu amafuna zochepa kwambiri kuti akhale ndi moyo."

Kontena ya chakudyayo inali m'manja mwanga. Mulungu yekha ndiye anaigwira.

Dimba lasanduka tchire. Salola kupalira. Akuti khasu ndi chiwawa, udzu nawo uli ndi ulaliki wake. Nkhwani wanga wamira, akungosuzumira apo ndi apo. Nthanga zake ndinachokera nazo ku Ntcheu, za m'munda mwa malemu mayi anga, ndipo chaka chilichonse ndimasiya dzungu limodzi la mbewu. Chaka chino ladyedwa ndi nkhono, iwo akuonerera.

Ndisawanamizire. Zaka khumi ndi chimodzi akhala akuthamangitsidwa ndi kamakina ka pamkono, kowerenga masekondi ngakhale popita kuchimbudzi. Munthu amene ana ankaimirira akalowa m'kalasi. Ndinkawaona akubwera nkhope ili pansi, osalankhula mpaka kugona. Ndikudziwa zonsezo. Koma nanga ine zaka zonsezi ndinkavina?

Lamulungu, 22 Seputembala

Ku tchalitchi ku Leeds. Kunali mgonero, tinavala yunifolomu ya Mvano. "Abambo ali kuti?" "Ku ntchito." Sabata yachitatu bodza lomwelo. Lero ndalinena nditavala zoyera, mkate uli m'kamwa.

Titaweruka ndinawakokera pambali mayi Gertrude. Ndiwo amatsogolera amayi a Mvano, ndiwonso anavomera kukhala nkhoswe yanga kuno, popeza malume anga enieni ali kumudzi ndipo foni yawo imagwira pokhapokha akwere pachulu.

Anamvetsera mpaka kumapeto. Funso loyamba: "Pali mkazi?" Ndinati ayi, pali buku. Anaseka, mtima wawo unakhala pansi. "Ndiye si nkhani, Mtisunge. Mwamuna ndi mwana. Musasiye kuwapititsira chakudya. Banja ndi kupirira."

Ndiye taonani. Buku likuti munthu asadalire mnzake. Mpingo ukuti mkazi apirire. Ziphunzitso ziwiri zosamwerana madzi, koma zonse zikuthera pamalo amodzi: ine pa basi, kontena pamiyendo.

Loweruka, 28 Seputembala

Ankhoswe. A Thompson, malume awo a Bester, anabwera kuchokera ku Salford. Masitima awiri ndi bondo lawo lotupa. Jekete, tayi, chipewa. Mayi Gertrude chitenje pamwamba pa thalauza. Atatu tonse kukwera kaphiri, mvula ikuwaza.

A Bester anaima pakhomo pa shedi. Sanatipatse pokhala, poti pokhalapo ndi ndowa imodzi. Analankhula mwaulemu ndithu, ndipo ulemuwo ndi umene unandipweteka. "Malume, pepani mwavutika. Koma pakati pa ine ndi mtima wanga sipafunika nkhoswe. Pakati pa ine ndi mkazi wanga chimodzimodzi."

A Thompson anavula chipewa, anachiyang'ana, anachivalanso. Anati kali kokha nkanyama. A Bester anati eya, tinyamato ndi timene tikuwaphunzitsa masiku ano.

Mwambo wake ndi wakuti ine ndisalankhule. Nkhoswe ndiye pakamwa panga. Ndiye sindinalankhule. Ndinaima kumbuyo ndi ambulera, kutchingira mayi Gertrude, mvula ikundilowa m'khosi. Pochoka anandigunda ndi chigongono kuti ndisiye kontena. Ndinasiya.

Lachitatu, 2 Okutobala

Khumbo anaimba. "Mum, he's just finding himself." Ndinamufunsa kuti bambo ake anatayika liti, poti ine tsiku lililonse ndimawapeza pamalo omwewo. Anati ndili ndi nkhanza.

Ndakabwereka buku lomwelo ku laibulale ya m'tauni. Ndikufuna ndimudziwe mkazi mnzanga.

Ndinawerenga nthawi yopuma, tiyi akuzizira. Chingerezi chake cholimba, chopota. Kuseri kwa khoma makina akulira. Wodi yathu ndi ya impso. Anthu amabwera katatu pa sabata, maola anayi, magazi awo kutuluka, kukatsukidwa m'makina, kubwerera. Pali bambo wina ankayendetsa malole mpaka ku Poland, pano sangathe kumanga nsapato. Amandigwira mkono ndikamalowetsa singano. Ndimuuze chiyani, adzidalire?

Tonse tinabwera pachingwe cha munthu wina. Mchombo ulipo, aliyense akadzivule aone.

Ndinalemba ndi pensulo m'mphepete mwa tsamba: amene analemba izi ankamuphikira ndani? Kenako ndinafufuta. Buku ndi la eni.

Lachisanu, 4 Okutobala

Buku lija landiluma.

Pali tsamba lina likunena kuti munthu atha kukalamba mpaka kufa asanamvepo mawu akeake, chifukwa m'makutu mwake munadzaza mawu a anthu ena. Ndinatseka. Ndinatsegulanso. Basi inandipitirira, ine ndili pa siteji.

Unamwino anandisankhira bambo. Pa chinkhoswe anandiyankhira malume. Zobwera kuno anamanga ndi a Bester, ine ndinangolemba mayeso. Ngakhale dzina la mwana linachokera kuchimuna. Palibe anandikakamiza, ndisaname. Kungoti palibe anandifunsa, ndipo nanenso sindinadzifunse.

Ndakumbukanso chinthu chimene sindinauzepo munthu. Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri anandituma kukakumba mbatata m'mamawa. Nkhungu inali itakuta phiri, kenako inangong'ambika, dzuwa n'kugwera pa mizere. Ndinaima khasu lili m'manja. Kunalibe nyimbo, kunalibe m'busa, koma ndinadziwa kuti Mulungu ali pomwepo, pafupi kuposa malaya anga. Kunyumba sindinanene, ndinkaopa kuti akandipempherera.

Zandiwawa kuti mkazi mnzangayu akundidziwa.

Komabe ayi. Mulungu wanga ali ndi nkhope ndi manja. Anagwada n'kusambitsa mapazi a anthu. Wa a Bester ndi kamphepo ka m'masamba, satuma munthu kukaona wodwala, safunsa kuti mkazi wako wadya. Mulungu wosavuta kusunga. Ndikanakhala mwamuna nanenso ndikanamukonda.

Lachinayi, 10 Okutobala

Amayi a Mvano anabwera kunyumba kudzandipempherera. Asanu ndi mmodzi pabalaza, nsapato mulu pakhomo. Nkhani yafika kale ku Manchester, kumene akuti a Bester apenga, ndi ku Sheffield, kumene akuti ndinawathamangitsa ndine.

Koma ndisachite mwano. Amayi amenewa ndi amene anagona pansi m'nyumba muno masiku atatu mayi anga atamwalira, ine nditalephera kupita kumaliro. Anandisambitsa ngati khanda. Palibe mtengo kapena kangaude amene anachita zimenezo. Akayamba kuimba, mphamvu zimandibwerera. Izi ndimazikhulupirira ndi thupi langa lomwe.

Anapemphera mokweza kuti Ambuye andipatse mphamvu, ndisatope, ndisafooke, ndisabwerere m'mbuyo. Ndinamvetsera bwinobwino. Palibe anapemphera kuti a Bester achite manyazi.

Lolemba, 14 Okutobala

Chisanu choyamba.

Lero ndinali wolowa masana, ndiye ndinapita ku dimba m'mawa. Nkhwani yense wawauka, masamba akuda, olendewera. Mbewu ya mayi yathera pomwepo. A Bester anatuluka atafunda mabulangete onse awiri, milomo ikunjenjemera, maso akuwala. "Taonani, amake Khumbo. Taonani kukongola kwake."

Choipa kwambiri n'chakuti kunalidi kokongola. Udzu wonse utavala siliva, ukonde wa kangaude ngati mikanda. Ndinaona. Sindine mwala.

Ndiye ndinati lekani ndiyese mankhwala awowa. Ndinaima chete pakati pa tchirelo, kontena yofunda ili pamimba. Ndinachotsa mawu a mayi Gertrude. Ndinachotsa a malume, a m'busa, a Khumbo. Ndinadikira. Ndimayembekezera chinthu chachikulu, vesi kapena kuwala. Anabwera mawu awiri okha, a Chichewa chakumudzi: watopa iwe.

Ndinatembenuka ndi kontena yanga. Anandiitana, "Nanga chakudyacho?" Sindinacheuke.

Ndinadyera pa siteji ya basi, ndi manja. Mpunga ndi nyama ya mbuzi. Ndimaphika bwino, ndinali nditaiwala.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Sindinapite.

Lachitatu, 16 Okutobala

Sindinapite. Ndimadikira kuti chikumbumtima chindidye. Chili phee. Ndagona bwino kuposa mwezi wonse, ndipo izi ndi zimene zikundiopsa.

Lachinayi, 17 Okutobala

Ndine namwino, ndikudziwa zimene kuzizira kumachita ndi munthu wosadya. Pakati pa ntchito ndinaphonya mtsempha kawiri, ine amene sindiphonya. Nditaweruka ndinathamangira ku dimba, chimanjamanja.

Ndinaima kuseri kwa mpanda. Amoyo. Anali atagwada m'tchire muja akufukula ndi kamtengo, kufuna mbatatesi zimene ndinadzala mu Epulo. Khasu lili poteropo, loyedzamira shedi. Sanaligwire. Chiphunzitso ndi chiphunzitso.

Ndinawaonerera mwina mphindi zisanu. Ndinafufuza mumtima chisoni cha mkazi kwa mwamuna wake. Chimene ndinapeza ndi chisoni chimene ndimamvera wodwala aliyense. Chenicheni ndithu, koma chimatha ukavula yunifolomu.

Loweruka, 19 Okutobala

Abwera. Cha m'ma 11 koloko m'mawa, mabulangete kukhwapa, ketulo m'manja, fungo la utsi ndi thukuta. Masabata asanu akudya kwa ine sanabwere. Masiku asanu a njala abwera nawo.

"Zimene ndimafuna kuphunzira ndaphunzira." Basi. Osati pepani. Osati mwatsala bwanji.

Anaima m'khonde kudikira. Ndinazindikira mochedwa chimene amadikira: madzi osamba. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala ndikuwaikira madzi ku bafa, ngakhale kuno kumene ndi kungopotoza mpopi. Anandilangiza choncho ndisanalowe m'banja. Lero ndinapitiriza kusenda anyezi. Patapita nthawi ndinamva madzi akutuluka. Kenako kuitana, kufunsa kumene timasunga matawulo. M'nyumba imene akhalamo zaka zisanu ndi zinayi.

Ndawayalira m'chipinda cha Khumbo.

Lachitatu, 23 Okutobala

Mayi Gertrude anaimba nthungululu pa foni. "Mwaona kupirira? Mwaona mapemphero?" Sindinawauze kuti yabweza munthuyu ndi njala. Agwirizana ndi a Thompson kuti Loweruka abwere kudzatseka nkhani. Ndiphike nkhuku.

A Bester ameta ndevu. Akuyenda m'nyumba monyang'ama ngati mlendo, atsuka kapu imodzi n'kundiyang'ana. Buku aliika pamwamba pa firiji. Iwo athana nalo. Ine langa ndakawonjezera masiku ku laibulale.

Ndikuyesa kuziika pa sikelo moona.

Ndinalumbira pamaso pa Mulungu ndi mpingo, ndipo sindinkaseka. Ndimakhulupirira kuti lumbiro limagwira munthu pamene mtima wamutaya, ndiyo ntchito yake. Ku tchalitchi anatiphunzitsa kuti mtima ndi wonyenga. Ndaona anthu amene anatsata mtima n'kusiya ana akulira. A Bester nawo anatsata mtima, taonani anandisiya pati.

Koma mbali inayi. Ngati Mulungu anandilenga ndi mawu m'kati, anawaikiramo chiyani ngati ntchito yake ndi kuwatsekera? Tsiku la mbatata lija panalibe wondimasulira, ndipo sindinanamizidwe.

Vuto ndi lakuti mawuwo salemba dzina. Angakhale a Mulungu, angakhale a Satana, kungakhale kutopa chabe kwa mzimayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi amene miyendo imatupa. Buku likuti khulupirira. Mayi Gertrude akuti thawa. Onsewo sadzagona m'chipinda changa.

Lachisanu, 25 Okutobala

Ndagula nkhuku. Ndasesa pabalaza. Ndapemphera kuti Ambuye andichotsere mawuwa ngati si awo.

Sanachoke.

Loweruka, 26 Okutobala

Anafika 2 koloko. A Bester mu suti ya pa ukwati wa msuweni wawo, atakhala pambali pa malume awo, manja pamawondo. Ine pambali pa mayi Gertrude. Pemphero, tiyi, mandasi.

A Thompson analankhula bwino, ndiwayamikire. Anati mwana wawo anasokonekera ndi ntchito ndi mabuku, dziko lino limadwalitsa mutu, koma wabwerera, ndipo akupepesa. Ndinayang'ana a Bester kuti mwina atsegula pakamwa. Maso pa kapeti. Kupepesa konse kunatulukira m'kamwa mwa nkhalamba ya bondo lotupa, iwo akungogwedeza mutu.

Kenako funso la mwambo. "Nanga kuchikazi mukuti bwanji? Mukuwalandira?"

Mayi Gertrude anakonza pakhosi, anakonza duku. "Zikomo. Ife kuno mwana wathuyu akuti..."

"Sindikuti choncho."

Ndinadzidzimuka nanenso. Mawu anga, pabalaza panga, pamaso pa akuluakulu. Mayi Gertrude ananditsina pantchafu. Ndinachotsa dzanja lawo, mofatsa.

Ndinati pepani malume, pepani mayi, ulemu wanu ndikuudziwa. Koma lero ndiyankha ndekha. Ayi. Sindikuwada. Akadwala ndidzapita kukawaona. Koma kukhala mkazi wawo ndasiya, ndinasiyira ku dimba Lolemba lija, ndipo ndafufuza paliponse, mtima umenewo sindikuupezanso.

 

A Bester anadzutsa mutu. Anandiyang'ana, koyamba chaka chino kundiyang'ana kwenikweni. Milomo inagwedezeka. Ndinadikira, ndipo ndivomere pano poti palibe adzawerenge: akanalankhula okha, mawu amodzi okha ochokera mwa iwo, sindikudziwa chimene ndikanachita.

Anatembenukira kwa a Thompson.

"Malume, tawalankhulani."

Ndinaseka. Kuseka koipa, kosaletseka, mpaka mayi Gertrude anayamba kudzudzula mizimu. Ndinathawira kukhitchini, kumene kusekako kunasanduka china. Nkhuku palibe anaikhudza. A Thompson awatenga a Bester ku Salford, akuti mpaka mutu wanga uzizire.

Lamulungu, 27 Okutobala

Mawotchi abwerera m'mbuyo. Ola limodzi laulere, pa tsiku limene sindikulifuna.

Uthenga wa mayi Gertrude m'mawa: yunifolomu ndiyambe ndaisunga kaye, akulu a mpingo akambirane. Anamaliza ndi "timakukondani". Ndikudziwa kuti akunena zoona, ndipo Lachinayi sabwera.

Khumbo: "Mum, how could you? He came back." Sakuyankhanso.

Masana pa gulu la WhatsApp la Amalawi wina waika chithunzi. A Bester ku tchalitchi ku Salford, suti yomweyo, buku la nyimbo m'manja, azibambo atawazungulira. Pansi pake maamen makumi atatu ndi kuwonjezera. Iwo alowa. Ine ndatuluka. Anapita kutchire kukafuna chinthu, amene wabwera nacho ndine, ndipo sindinachipemphe.

Sindikubweza mawu anga. Atandifunsanso lero ndinganenenso ayi. Koma palibe tsamba m'buku lija limene linanena mmene nyumba imakhalira Lamulungu, nthawi imene anzako akuimba ku Leeds.

Ndazimitsa foni. Ndakhala pampando wa kukhitchini, manja pamiyendo, monga ndinaimira ku dimba. Ndachotsa mawu a anthu onse, ndipo lero sizinavute, poti palibe akundilankhula. Ndafunsa kuti nanga tsopano.

Dzulo mawu a mumtima aja anayankha mokweza, akuluakulu ali pomwepo. Lero ola lonse lapita, palibe chimene anena.

Ndikudikirabe.